Kuyeretsa kapena kubisa? Zimene nyumba ya agogo ku Guilleme inandiphunzitsa

Malume anandiimbira foni Lachisanu madzulo, akuyankhula mwachangu ngati munthu amene ndiwo zikumupserera pamoto. “Mphwanga, nyumba ija yapita. Ogula apereka kale gawo lalikulu la ndalama. Zotsalazo akuti adzapereka Loweruka la sabata ya mawa pamaso pa amfumu, akadzaona kuti nyumbayo ili bwino. Iwe suja unaphunzira sayansi? Bwera udzatithandize kukolopa.”

Ndinaseka, koma Lolemba m’mawa ndinali m’minibasi mumsewu wa M12 wochokera ku Lilongwe kulowera ku Mchinji. Kwathu ndi ku Guilleme, dera limene linatenga dzina la mishoni ya Akatolika, ndipo mishoniyo inatenga dzina la bishopu wa ku France, Mathurin Guillemé. Nyumba yake ndi ya njerwa zootcha, ya malata, zipinda zitatu, khitchini yapanja, bafa ndi chimbudzi kuseri. Agogo aamuna anaimanga ndi ndalama za fodya ndi mtedza. Iwo anatisiya kalekale, ndipo agogo aakazi miyendo yayamba kuwavuta moti sangakhalenso okha. Ndalama zotsalazo ndi zimene timadalira kuti tiwamangire chipinda kwa amayi ku Lilongwe. Ndiye mukuona, anzanga, nkhani sinali ya tsache chabe.

Panalinso chinthu china chimene malume anangochitchula modutsa: banja logulalo lili ndi mwana wokwawa. Mwana wokwawa sayang’ana ngati khoma lawala. Iye amagwira pansi, kenako dzanja limapita kukamwa. Ndinaona kuti amene tikumukonzera nyumbayi kwenikweni ndi iyeyo.

M’masiku asanu amenewo ndinagwiritsa ntchito Chemistry ndi Biology yambiri kuposa imene ndimaphunzitsa pa teremu yathunthu. Phunziro lake lalikulu ndi ili: litsiro lililonse lili ndi chibadwa chake, ndipo ukalidziwa, umadziwanso chochotsera chake. Ukapanda kulidziwa, umangolisuntha, kapena umaliphimba.

Yambani kumwamba, ndipo musautse fumbi

Msuweni wanga wa Fomu 2 anali atayamba kale kukolopa pabalaza ine ndisanafike. Pansi panali mbee. Ndinamuloza pamwamba pa khoma, pamene njerwa zimakumana ndi malata: akangaude, fumbi la zaka, ndowe za makoswe ndi za mileme. “Zonsezo zikatsika zigwera pati?” Anangogwira pakamwa. Mphamvu yokokera zinthu pansi simva chisoni, choncho ntchito imayambira kudenga, kenako makoma, pansi pomaliza, ndipo umayambira chipinda cham’kati kutulukira kukhomo.

Koma tisanakhudze ndowe zija tinayamba taziwaza madzi osakaniza ndi Jik pang’ono, n’kudikira. Chifukwa chake mungachione nokha. Masana, dzuwa likalowa pa kabowo ka msomali pa malata, mumaona mzere wowala wodzaza tinthu touluka. Tinthu timeneto n’topepuka kwambiri moti titha kukhala mumpweya kwa maola tisanatere. Ndowe zouma ukazisesa zimasanduka fumbi lotero, ndipo limathera m’mapapo mwako. Mu ndowe za mileme mumatha kumera kachuku kotchedwa Histoplasma kamene kamadwalitsa mapapo, pomwe mkodzo ndi ndowe za makoswe zimanyamula tizilombo tosiyanasiyana. Zikanyowa, madzi amazimata pamodzi, zimalemera, siziuluka. Tinatsekula mawindo onse, tinamanga nsalu pamphuno, m’manja tinavala majumbo poti magolovesi tinalibe.

Khitchini: pamene madzi okha amagonja

Khitchini ya agogo inali bii, kuyambira kudenga mpaka pakati pa khoma. Mwaye umenewu ndi umboni wa moto wosapsa bwino. Nkhuni zikapeza oxygen wokwanira zimasanduka carbon dioxide ndi nthunzi ya madzi. Zikapanda kumupeza wokwanira, monga zimakhalira pa mafuwa atatu m’kanyumba kopanda windo, zimatulutsa tizidutswa ta carbon, phula lomata ndi carbon monoxide. Bungwe la WHO limati utsi wa m’nyumba woterewu umapha anthu pafupifupi 3 miliyoni pa chaka padziko lonse. Nditayang’ana khoma lija ndinaganiza za mapapo a agogo, amene apuma mpweya womwewo zaka zonsezi.

Apa lamulo lija lonyowetsa linatembenuka. Mwaye wofumbutuka ukauthira madzi umapakika ngati penti, ndiye tinayamba taupalasa pang’onopang’ono ndi tsache louma, nsalu ili pamphuno. Chotsala pansi pake chinali chomata: phula losakanikirana ndi mafuta ophikira. Msuweni anathirapo madzi, madziwo anangotsetsereka.

Bwanji? Molekyu ya madzi ili ndi mbali ya positive ndi mbali ya negative, choncho mamolekyu a madzi amakokana okhaokha mwamphamvu. Mafuta alibe mbali zoterozo, ndiye madzi amawasala. Sopo ndi mkhalapakati. Molekyu yake ili ngati mbululu: mutu umakonda madzi, mchira wautali umakonda mafuta. Michira imalowa m’dontho la mafuta, mitu imayang’ana kunja, dontho lija limakutidwa kukhala kampira kotchedwa micelle, ndipo madzi amakanyamula n’kupita nako. Sopo sasungunula litsiro kuti lizimiririke ayi, amalikweza m’madzi. N’chifukwa chake kutsukuluza ndi theka la ntchito. Ukasiya madzi a sopo kuti aumire pakhoma, litsiro labwerera pomwe linali.

Sopo wathu anali mugo umodzi basi, ndipo sanachedwe kuchepa. Agogo, amene anakhala pampando pakhomo kutiyang’anira, anati, “Mukuvutikiranji ana inu? Phulusa latha m’dzikoli?” Anatituma kuti tiboole chitini, tiikemo phulusa, tithire madzi, tidikire adonthe. Inde, chidulo chomwe chija chophikira therere.

Agogo sanalowepo mu labu, koma anali atatipatsa potassium carbonate. Mchere umenewu umatsala m’phulusa la nkhuni, ndipo ukasungunuka m’madzi umapanga alkali. Alkali akakumana ndi mafuta amawaphwanya, ena mwa iwo n’kusanduka sopo pomwepo pakhomapo. Umu ndi mmene anthu akale ankapangira sopo: phulusa ndi mafuta. Mukamva chidulo chikuterera m’zala, dziwani kuti chayamba kuchita zomwezo ndi mafuta a pakhungu lanu, ndiye sambani msanga ndipo chisalowe m’maso.

Katswiri wina wa ku Germany, Herbert Sinner, anafotokoza mu 1959 kuti kutsuka kulikonse kumadalira zinthu zinayi: mankhwala, kutentha, nthawi ndi mphamvu yokwecha. Chimodzi chikachepa, zinazo ziyenera kukwera. Ife mankhwala anali ochepa, ndiye tinafunditsa madzi, tinapaka chidulo n’kuchisiya mphindi 15, kenako tinakwecha ndi chiguduli. Msuweni, amene poyamba ankangodalira mikono, anazindikira kuti kudikira nakonso ndi ntchito.

Pansi pa khitchini ndi pa dothi, ndipo agogo anakana kuti wina aliyense apakhudze. Anakhala pansi ndi beseni la mtsiro n’kuzira okha, mizere yake yokhota bwinobwino ngati kale. Kuzira si kukongoletsa kokha. Kumatseka ming’alu ndi fumbi lofumbutuka mmene mphutsi za utitiri ndi matekenya zimakulira. Anazira mwakachetechete, ndipo palibe amene anawayankhulitsa.

Chipinda cha mtedza

Kwa ife a ku Mchinji, nyumba iliyonse ili ndi chipinda chimene chimanunkhira mtedza. Cha agogo chinali ndi matumba akale, makoko, anankafumbwe akufa ndi amoyo, komanso theka la thumba la mtedza wa chaka chatha umene unaiwalika pakona. Nditaswa makoko angapo ndinapeza njere zofota, zina zili ndi ufa wobiriwira mwachikasu. Chuku.

“Tisankhe wabwinowo, wotsalawo tisinje nsinjiro kapena tipatse nkhuku,” anatero malume. Apa ndinakana. Chuku chotchedwa Aspergillus flavus chimatulutsa poizoni wotchedwa aflatoxin. Dziko linamudziwa mu 1960, pamene nkhukundembo pafupifupi 100,000 zinafa ku England zitadya chakudya chokhala ndi mtedza wochokera ku Brazil. Poizoniyu amawononga chiwindi ndipo amayambitsa khansa ya chiwindi. Choopsa chake n’chakuti kukazinga kapena kuphika sikumuthetsa, ndipo mtedza utha kukhala naye ngakhale ukuoneka bwino. Maiko a European Union salola mtedza wodya anthu kupitirira ma microgram 4 pa kilogalamu. Microgram imodzi ndi galamu imodzi yogawidwa ka 1 miliyoni. Taganizani kuchepa kwake. Chuku chimenechi chimakonda chinyezi, n’chifukwa chake alangizi amaletsa chizolowezi chowaza madzi pa mtedza kuti usavute kuswa.

Mtedza uja tinaukwirira m’dzenje lakuya. Matumba akale tinatentha, chifukwa mazira a anankafumbwe ndi njere za chuku zimabisala m’misoko, kudikira zokolola za mwini nyumba watsopano.

Titachotsa thumba lomaliza, msuweni anatola kapulasitiki komanga mfundo, m’kati muli timibulu takuda. “Achimwene, ichi n’chiyani?” Ndinamuuza kuti achiike pansi pomwepo n’kukasamba m’manja ndi sopo. Anali tameki, amene anthu amagula mobisa kuti aphere makoswe. Dzina lake la sayansi ndi aldicarb. Kapulasitikiko kanali katabooka, timibulu tina tili mumng’alu wa simenti.

Mankhwala amenewa amatseka enzyme yotchedwa acetylcholinesterase. Ntchito ya enzyme imeneyi ndi kuzimitsa uthenga umene mtsempha watumiza ku mnofu. Ikatsekedwa, uthenga suzima: munthu amatuluka dovu ndi thukuta, timaso takuda timachepa kwambiri, minofu imanjenjemera, kupuma kumavuta. Kwa mwana wamng’ono timibulu tochepa chabe tikwanira. Mukaona zizindikiro zotere pa munthu, musataye nthawi ndi mkaka kapena kumusanzitsa, thamangirani naye kuchipatala mutatenga chimene wamwacho.

Timibulu tija tinatitola ndi pepala lolimba, osati ndi manja, tinatitsekera m’botolo lolembedwa kuti poizoni, ndipo malume anapita nalo kwa alangizi a zaulimi kuti akatiuze kotaya. Sitinataye m’chimbudzi kapena pamoto. Pansipo tinatsuka katatu ndi sopo ndi chidulo, poti mankhwala a mtundu umenewu amaphwanyika msanga mu alkali, madzi ake tinakathira m’dzenje kutali ndi chitsime, ndipo mng’alu uja tinaumata ndi simenti. Chipinda chimenechi, tinamva pambuyo pake, ndi chimene ogulawo ankafuna kuti chikhale chogona ana.

Jik: masamu pang’ono, ndi ngozi imodzi

Sopo amachotsa litsiro ndi tizilombo tambiri, koma kubafa ndi kuchimbudzi pamafunika chopha tizilombo totsala. Tonse tikukumbukira kolera imene inayamba mu March 2022 n’kupha anthu oposa 1,700 m’dziko muno. Chida chachikulu pa nkhondo imeneyo chinali chlorine. Ndi chida chakale ndithu: mu 1847 dokotala Ignaz Semmelweis ku Vienna analamula madokotala anzake kusamba m’manja ndi madzi a chlorine asanagwire amayi oyembekezera, ndipo imfa za amayiwo zinatsika kwambiri.

Pabotolo lathu la Jik panalembedwa kuti sodium hypochlorite 3.5%. Malume ankafuna kungothira wosasungunula, ati kuti agwire bwino. Kumeneko n’kuwononga ndalama ndi mphuno. Masamu ake ndi awa: gawani mphamvu ya m’botolo ndi mphamvu imene mukufuna, chotsanipo 1, yankho lake ndi miyeso ya madzi pa muyeso umodzi wa Jik. Pa simenti ya chimbudzi timafuna 0.5%. Ndiye 3.5 kugawa ndi 0.5 ndi 7, kuchotsa 1 kutsala 6: kapu imodzi ya Jik, makapu 6 a madzi. Pansi pa m’nyumba 0.1% ikwana: 3.5 kugawa ndi 0.1 ndi 35, kuchotsa 1 kutsala 34. Mwachidule, botolo la Fanta la 300 ml lodzaza Jik mu ndowa ya malita 10. Amene mumadana ndi C1V1 = C2V2 m’kalasi, ndi yomweyitu iyi.

Pali zinthu zitatu zoti muzikumbukira. Choyamba, tsukani kaye ndi sopo n’kutsukuluza, chifukwa chlorine amalimbana ndi chilichonse chimene wakumana nacho, ndipo akapeza matope ndi mafuta mphamvu zake zimathera pamenepo asanafike pa tizilombo. Chachiwiri, musiyeni pamalopo mphindi 10 musanapukute. Chachitatu, sungunulani wa tsiku lomwelo, poti dzuwa ndi kutentha zimamufooketsa. M’dzenje la chimbudzi simothira Jik, chifukwa mabakiteriya a m’menemo ndi amene amawoletsa zonyansa kuti dzenje lisadzaze msanga. M’menemo tinathiramo phulusa, limene limaumitsa pamwamba n’kuchepetsa fungo ndi ntchentche, ndipo pabowo tinaikapo chivundikiro chatsopano.

Ngozi inatsala pang’ono kuchitika Lachitatu. Kubafa kunali madontho ofiirira a dzimbiri ndi chikanga choyera chimene madzi a pamjigo amasiya. Jik sanazichotse, ndipo sakanatha, chifukwa zimenezi si mafuta kapena tizilombo, ndi miyala: iron oxide ndi calcium carbonate. Miyala yotere imagonjera asidi. Malume anali atagula mankhwala otsukira toileti ku Kamwendo, ndipo ndinapeza msuweni atatsekula botolo, akufuna kuthira mu ndowa ya Jik ija, m’kabafa kopanda windo. Ndinakuwa mpaka agogo anadzidzimuka.

Mankhwala ambiri otsukira toileti amakhala ndi hydrochloric acid. Akakumana ndi Jik zimachitika ndi izi:

NaOCl + 2HCl → Cl2 + NaCl + H2O

Cl2 ameneyo ndi mpweya wa chlorine, womwe uja anaphera asilikali ku Ypres mu 1915 pa nkhondo yoyamba ya padziko lonse. Ukafika m’maso ndi m’mapapo umakumana ndi chinyezi n’kupanga asidi pomwepo. Viniga ndi mandimu nazonso ndi asidi, choncho sizisakanizidwa ndi Jik. Ngakhale mkodzo wochuluka ukakumana naye umatulutsa mpweya wina woipa wotchedwa chloramine. Mnzake wa Jik ndi madzi basi. Tsiku lotsatira, bafa litatsukuluzidwa n’kuuma, tinapaka madzi a mandimu a m’munda mwa agogo pa madontho aja, tinadikira, tinakwecha, anachoka.

Khoma limene linatikanganitsa

Pofika Lachinayi nyumba inali yoyera, kutsala kupaka njereza. Apa ndi pamene ndinaona kuti kunsi kwa khoma la chipinda chakuseri, pafupi ndi chitseko, pulasitala watupa ndipo pali ufa woyera ngati mchere. Mu October, dzuwa likuswa mtengo, khoma linyowa bwanji? Ndinamatapo pulasitiki madzulo, m’mawa ndinapeza kunsi kwake kuli timadontho. Chinyezi chinkachokera m’kati mwa khoma.

Njerwa ili ndi timabowo tating’onoting’ono tambirimbiri. Madzi amakwera m’timabowo timeneti okha, ngati mmene parafini amakwerera pa chingwe cha nyali. Pokwera amatenga mchere wa m’dothi ndi wa m’njerwa. Akafika pamwamba madzi amauma, mchere umatsala, ndipo timiyala ta mchereto tikamakula timakankha pulasitala mpaka kumusomphola. Titazungulira kuseri tinapeza gwero lake: ngalande ya madzi a kubafa inatsekeka, ndipo madzi ankadikha m’mbali mwa maziko.

Pamene pali chinyezi, chiswe sichichedwa. Thupi lake ndi lofewa ndipo limauma msanga, n’chifukwa chake chimayenda m’timisewu tadothi tokutira. Tinapeza kamsewu kotero kakukwera kuseri kwa felemu ya chitseko. Nditagogoda felemuyo inalira ngati ng’oma. Chiswe chimadya cellulose wa m’kati mwa thabwa n’kusiya khungu lakunja lili bwinobwino, moti chala changa chinangolowa.

Malume anayang’ana felemu, anayang’ana ine. “Mphwanga, tamvera. Timate ndi pate, tipake penti wa oilo, khomali tilipakenso wa oilo yemweyo. Loweruka aona zowala, apereka ndalama. Ukayamba kuwauza za chiswe atidula mtengo, ndiye chipinda cha amayi timanga ndi chiyani?”

Sindingawanene malume kuti ndi munthu woipa. Mantha awo anali oona, ndipo inenso ndinali nawo. Ndinangowauza za sayansi yake: penti wa oilo amapanga khungu losadutsa madzi, chinyezi chikatsekeredwa kuseri kwake chimamutukumula, pofika January adzakhala akusupuka, ndipo chiswe chidzakhala chitafika ku mitengo ya denga. Anati pofika January ife tidzakhala tili ku Lilongwe.

Amene anathetsa nkhaniyi ndi agogo. Sanakweze mawu. “Mwananga, iwe udzakhala ku Lilongwe. Koma manda a bambo ako ali konkuno, ndipo ine ndidzagona pambali pawo. Kumaliro ndi kuzikwati ndizibwera. Anthu amenewa azidzandiyang’ana ndi maso otani? Choipa chitsata mwini.” Malume anakhala chete kanthawi, kenako anatenga njinga kukaitana kalipentala.

Felemu tinasintha, ndipo mtengo wake unatipweteka ndithu. Ngalande tinaitsekula n’kuilozetsa ku nthochi, kutali ndi nyumba. Timisewu ta chiswe tinaphwanya, zitsa ndi matabwa akale amene anatsamira khoma tinachotsa. Pulasitala wovunda tinagwetsa, mchere tinaupalasa wouma, chifukwa ukautsuka ndi madzi umangobwerera m’njerwa. Kenako njereza.

Njereza ndi mwala umene umayenda ulendo wozungulira n’kubwerera kwawo. Umayamba ngati mwala wa laimu, calcium carbonate, wonga umene amakumba cha ku Balaka. Akauotcha pa madigiri pafupifupi 900 umataya carbon dioxide n’kusanduka calcium oxide. Akathira madzi umatentha kwambiri n’kukhala calcium hydroxide, ufa woyera umene timagula m’thumba. Tikaupaka pakhoma umayamwa carbon dioxide wa mumpweya pang’onopang’ono:

Ca(OH)2 + CO2 → CaCO3 + H2O

Wabwerera kukhala mwala, koma tsopano ndi wopyapyala ndipo wamatirira kukhoma. N’chifukwa chake njereza imaoneka yotuwa ngati madzi ampunga ukamaipaka, n’kudzawala ikauma. Msuweni anadandaula kuti sikugwira, ankafuna kuikhuthalitsa ngati phala. Ayi ndithu. Yokhuthala imauma kunja m’kati musanasanduke mwala, kenako imasweka n’kumadetsa zovala. Tinapaka yopyapyala kawiri, m’mawa kwambiri ndi madzulo, khoma titaliwaza madzi pang’ono kuti isaume mothamanga. Ubwino wake pa khoma ngati lathu ndi wakuti imalola chinyezi kutuluka, ndipo pH yake ikadali yatsopano ndi pafupifupi 12, malo amene chuku sichikonda. Mphamvu yomweyo imawotcha maso ndi khungu, choncho samalani popaka kumwamba.

Loweruka

Anafika cha m’ma 10 koloko: amfumu ndi nduna yawo, abambo ogulawo, akazi awo ali ndi mwana kumbuyo, ndi mboni za mbali zonse ziwiri. Tinayamba tazungulira malire, amfumu akuloza mtengo ndi mtengo. Kenako tinalowa m’nyumba. Malume, mawu akunjenjemera pang’ono, anawatengera kuchipinda chakuseri n’kufotokoza zonse: chinyezi, ngalande, chiswe, felemu yatsopano. Ine ndinawapatsa pepala limene ndinalembapo zimene tinapeza m’chipinda cha mtedza ndi zimene tinachita, komanso kuti khoma lija litenga miyezi kuti liumiretu ndipo asalipake penti wa oilo msanga.

Abambo aja anagogoda felemu yatsopanoyo ndi chala, n’kumwetulira. “Achimwene, yakale ija ndinaigogoda tsiku loyamba lomwe ndinabwera kudzaona nyumbayi. Ndinamva mmene inalirira. Ndalama zotsalazi ndinazigwira dala kuti ndione ngati mudzandiuze.” Malume sanandiyang’ane, ndipo ine sindinawayang’anenso.

Amayi aja sanayankhule zambiri. Analowa chipinda chilichonse, akununkhiza, akupititsa chala pamwamba pa mawindo. Atafika m’chipinda cha mtedza chija anawerenganso pepala langa, anandifunsa kuti mng’aluwo unali pati, ndinawalozera. Anaima pang’ono, kenako anamasula nsalu n’kumuika mwana pansi. Anakwawa molunjika kukhomo kumene agogo anakhala.

Ndalama zinawerengedwa, mapepala anasainidwa, makiyi 5 anaperekedwa m’manja mwa amfumu, amfumu n’kupereka kwa eni ake atsopano. Agogo anapempha chinthu chimodzi chokha, kuti mandimu akabereka azitumizako ochepa ku Lilongwe.

Yesani nokha

Musadikire kugulitsa nyumba kuti muone zimenezi. Thirani tiyi wopanda mkaka m’matambula atatu oonekera. Loyamba lisiyeni, lachiwiri finyiranimo ndimu, lachitatu donthezeranimo chidulo. La ndimu liyera, la chidulo lida kwambiri. Tiyi wakuuzani chimene chili asidi ndi chimene chili alkali. Musamwe la chidulolo.

Kenako sungunulani supuni imodzi ya njereza m’botolo la madzi, khutchumulani, lisiyeni usiku wonse. M’mawa tsanulirani madzi oyera a pamwambawo m’tambula, ndipo uziranimo mpweya ndi kapaipi, pang’onopang’ono, osayamwa, maso ali patali. Madziwo achita mtambo ngati mkaka. Mtambo umenewo ndi calcium carbonate, ndipo carbon dioxide wake wachokera m’mapapo mwanu. Ndi zomwe zija zikuchitika pa khoma la ku Guilleme mpaka lero.

Ndiye ulendo wina akakutumani kukolopa kunyumba kapena ku hostel, yambani mwadzifunsa: litsiro ili ndi mafuta, ndi mwala, ndi tizilombo, kapena ndi poizoni? Nanga likuchokera kuti? Mukapeza banga limene lakukanikani, lembani m’munsimu kuti lili pati ndipo likuoneka bwanji, tidzalifufuze limodzi sabata ya mawa.